Utsi wa pa dzala la msika watikwana, nanga zinyalala tikataye kuti?

MakeTadala
Abale anga apagulu pano ndithandizeni nzeru. Sabata ino galimoto ya a khonsolo yakhala ikuzungulira ndi chimkuzamawu kunena kuti tisiye kuotcha zinyalala, matayala ndi majumbo, akuti utsi ukuononga mpweya umene tikupuma ndipo wopezeka akuotcha alipira chindapusa. Ine uthengawo ndaulandira ndi manja awiri chifukwa mwana wanga wa zaka 4 ali ndi mphumu. Koma nyumba yomwe tikuchita lendi ili kuseri kwa msika, pakati pa ife ndi dzala la msika pali mpanda wa nsungwi basi. Madzulo aliwonse cha m'ma 5 wina amayatsa mulu uja, muli makoko a nzimbe, makoko a nthochi, masamba owola a kabichi, majumbo, matewera a ana, mabotolo, zonse pamodzi. Poti zambiri ndi zonyowa moto suyaka bwino umangofuka usiku wonse, ndiye ndi chiperoni chilipochi utsi sukwera kumwamba umangokwawa pansi ngati nkhungu nkumalowa m'nyumba pa mpata wa pansi pa malata. Lachiwiri usiku mwana anabanika cha m'ma 2 koloko, m'chifuwa mukulira ngati wezulo, ndinamubereka kumbuyo nkutuluka mumdima kukasaka wa njinga yamoto. Funso langa ndi lakuti amene akutiletsa kuotchawo dzala la msika sakuliona? Ndikadandaule kwa ndani?

Namasalima
Pepani amayi, mwanayo ali bwanji pano?

MakeTadala
Aliko bwino achemwali, anamupatsa mankhwala opopera mkamwa aja. Koma dzulo ayatsanso.

WaTomatoPamsika
Mayi ake Tadala pepani kwambiri za mwana, ineyo ndine mmodzi mwa anthu amene timataya pa dzala limenelo ndiye ndisabise. Ife tsiku lililonse timadula tikiti ya msika, kaya wagulitsa kaya sunagulitse, kaya mvula. Pamene ankatiuza za tikiti ankati ndalama yake ndi yosesera, yochotsera zinyalala ndi yosamalira zimbudzi. Osesa amasesa ndithu mmawa, sindiwanena, koma akaunjika palibe chimabwera kudzanyamula. Mulu ukafika mmutu ntchentche zimadzaza pa tomato ndi pa usipa, makasitomala amathawa, ndiye mukufuna osesawo atani? Amatenga machesi. Si nkhanza ayi, ndi kusowa pogwira.

MnyamataWaKuNkando
Tikiti mumadula koma majumbo mumapereka ndinu nomwe. Munthu agule tomato atatu mwamupatsa jumbo, anyezi jumbo ina. Musamangoloza khonsolo.

WaTomatoPamsika
Achimwene kasitomala ndikamuuza kuti jumbo palibe amapita pa benchi la mnzanga. Inuyo mukabwera kumsika mumanyamula dengu?

MnyamataWaKuNkando
Ayi sindinyamula, apo mwandigwira.

AphunzitsiOpuma
Ana anga, nkhani ya majumboyi ili ndi lamulo lake kale. Boma linaletsa majumbo opyapyala osafika ma microns 60 kukhuthala kwake mu 2015, makampani opanga anathamangira kukhoti, mlandu unatenga zaka mpaka Supreme Court inagamula mu 2019 kuti chiletsocho chipitirire. Komabe lero pitani pa Chitakale, pa Limbuli, pa Luchenza, pa Bvumbwe, majumbo a buluu ali mbwee m'ngalande ndi m'mitengo. Mayi wogulitsa tomato sapanga jumbo, amaoda. Ngati a MEPA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, atatseka kumene majumbo akuchokera, theka la poizoni wa pa dzala la mayi ake Tadala litha lokha. Masamba a kabichi akamafuka amatsokomoletsa, koma pulasitiki ikamanyeka ndiye imatulutsa zoopsa zenizeni.

KabazaWaPaBoma
Ife a kabaza atinenanso pa chimkuzamawupo kuti njinga zathu zikufuka. Zoona zina zimafuka, yanganso inkafuka utsi wabuluu mpaka ndinakasinthitsa ma ring'i. Koma oyilo wabwino wakwera mtengo, anyamata ambiri amathira oyilo wotsika kapena kuchedwa kusintha chifukwa bwana mwini njinga akufuna ndalama yake madzulo aliwonse. Komanso bwanji sakunena ma minibasi akale ndi malole amene akamakwera chitunda cha ku Thyolo amasiya utsi wakuda bii mpaka iwe wakumbuyo sukuona njira? Ine ndimafika kunyumba ndikamina pamatuluka zakuda.

Namasalima
Valani masiki achimwene, ija ya nthawi ya Covid inatha?

KabazaWaPaBoma
Ndimamanga kansalu, kamathandiza fumbi koma utsi umapyola.

MlangiziWaZaumoyo
Ndalowa mochedwa ndinali ku sikelo ya ana. Ndimagwira ntchito m'midzi ndiye ndiloleni ndilembe zambiri pang'ono. Choyamba mayi ake Tadala mwalondola, utsi wofuka pang'onopang'ono ndi woipa kuposa moto woyaka lawilawi chifukwa zinthu sizikupsa mokwanira. Mu utsi muli timadontho ting'onoting'ono kwambiri tomwe akatswiri amati PM2.5, kuchepa kwake tsitsi limodzi la kumutu limaposa kadontho kamodzi kunenepa mwina ka 30. Fumbi la mseu lambiri limathera m'mphuno ndi pakhosi, koma timeneti timalowa mpaka pansi pa mapapo, tina mpaka m'magazi. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu ndipo mapapo ake akukula kumene, ndiye chifukwa chake amayamba kudwala ndi iyeyo inu akulu mukungoti kafungo chabe.

Koma ndinene chimene chimandiwawa ine, ndipo mundikhululukire. Utsi umene ukudwalitsa ana ambiri kuno si wa kumsika, ndi wa m'khitchini mwathu. M'dziko muno mabanja opitirira 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Ndikamayenda m'makomo ndimapeza kakhitchini kopanda zenera, denga lakuda ndi mwaye mpaka ukulendewera, mayi wawerama pa mafuwa akuuzira nkhuni zaziwisi misozi ili chuchuchu, kumbuyo wabereka khanda la miyezi 3. Khanda limenelo likupuma utsi womwewo katatu patsiku. Pakapita sabata ziwiri akubwera nalo kuchipatala nthiti zikulowa mkati, chibayo. A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse padziko lonse, ndipo amene amavutika nawo kwambiri ndi amayi ndi ana. Chimkuzamawu chija ndachimva nanenso koma za khitchini sichinanene kalikonse.

China, nyengo yozizira ino musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Mpweya wake ulibe fungo ulibe mtundu, munthu amangomva mutu ndi tulo nkupitiratu.

MakeTadala
Alangizi mwandiopsa koma zikomo. Ine ndimaphikira pakhonde ndi mbaula ya makala, komabe masiku ozizirawa ndimailowetsa kuti tiothe. Lero silowa.

GogoWaKuThuchila
Ife tinakulira pa mafuwa amayi athu ndi agogo athu, bwanji sitinathe?

MlangiziWaZaumoyo
Agogo ndi ulemu wonse, inu munapulumuka, koma werengani ana amene amayi anu anaika m'manda asanakwane zaka 5, tinkangoti chifuwa. Ndiponso agogo aakazi ambiri m'midzimu akutsokomola chaka chonse, akayezetsa TB sapezeka nayo, fodya sanasutepo. Mapapo anatha ndi utsi wa pamoto.

GogoWaKuThuchila
Apo mwanena zoona mwana wanga. Mayi anga anabereka 9, tinakula 5. Ndipo mlongo wanga akutsokomola momwemo. Kungoti kale nkhuni zinali zouma, unkakatola kuthengo zogwa zokha. Pano tikuphikira mapesi, zitsononkho, mitengo ya nandolo, ena mpaka kuyatsira moto ndi jumbo kapena chidutswa cha patapata.

NachisaleWaKuBondo
Kuyatsira jumbo kumeneko ndiye kwafala zedi, ngakhale ine ndinkatero nthawi ya mvula. Koma za mbaula ndikufuna ndichitire umboni. Kwathu gulu la amayi linaphunzira kuumba chitetezo mbaula, ija yadothi yootcha. Nkhuni zomwe ndinkaphikira masiku awiri pa mafuwa pano zimandifikitsa masiku anayi kapena kuposa, timitengo ta nandolo titatu nsima yapsa. Utsi ulipo sindinama, koma wachepa, ndipo ubwino wake umatha kuinyamula nkukaphikira panja pamphepo. Boma linali ndi cholinga choti mbaula zotere zifike 2 miliyoni pofika 2020, kwathu zinafika ndithu, koma ikasweka ambiri sagulanso amabwerera ku mafuwa. A khonsolo akanati pa msika uliwonse pakhale malo ogulitsira mbaulazi osadulitsa tikiti, zikanathandiza kuposa mafuta amene galimoto yolengeza ikuwotcha.

MnyamataWaKuNkando
Inu a ku Bondo muli ndi magetsi anuanu a MEGA a pa mtsinje wa Lichenya, bwanji osangophikira magetsi?

NachisaleWaKuBondo
Magetsiwo atithandiza kuunikira, kutchaja mafoni, chigayo, ana kuwerenga usiku. Koma nyemba za maola atatu pa hotipuleti mayunitsi ake ugula ndi chani mwana iwe? Hotipuletiyonso ndi ndalama.

BamboWaPaLuchenza
Ngakhale ife a ESCOM. Kumbukirani mu January 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira tinataya ma megawati pafupifupi 130, magetsi ankazima tsiku lonse kwa nthawi yaitali zedi. Ine ndinali nditasiya makala, koma nthawi imeneyo ndinabwerera ndipo mpaka lero thumba la makala silisowa pakhomo chifukwa sudziwa kuti azima liti. Gasi ndinayesa, amaphika msanga ndipo alibe utsi, akazi anga anamukonda, vuto akatha kodzadzitsa nkutali komanso ndalama yake imafunika yonse pakamodzi pamene makala umagula ka jumbo kamodzi patsiku.

WaMakalaSindibisa
Ndimadziwa kuti mufika kwa ife. Inde ndimagulitsa makala, ndimakankha njinga matumba atatu kuyambira 3 koloko mbandakucha. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, akakugwira opanda chiphaso amalanda makala ndi njinga yomwe, ena amangidwa. Koma wogula ndani? Ndinu nomwe a ku Boma, aphunzitsi, anamwino, ngakhale a m'maofesi. Ine munda wanga ndi kachigawo kakang'ono, mbali zonse tiyi wa esiteti, namondwe Freddy mu March 2023 anakokolola nthaka yomwe inalipo. Mundipatse ntchito ina mawa lomwe ndisiya, msana wanga watha kale.

AphunzitsiOpuma
Palibe akukunyoza mwana wanga, nanenso makala ndimagula. Koma phiri la Mulanje likutha tikuona. Ndili mnyamata ndikuphunzitsa chakumunsi kwa Likhubula, mmawa phiri linkaoneka mwala uliwonse ngati ungaugwire. Pano ikafika September ndi October umaima pa Chitakale phiri lalitali mamita 3,002 osalionanso bwino, langokhala chithunzithunzi mu utsi. Usiku umaona mizere ya moto ikukwera m'mapiri, ndipo moto umenewo ndi umene ukupha timitengo ta mkungudza tomwe a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akudzala. Mkungudza wa Mulanje sumera kwina kulikonse mwachilengedwe. Ku Thyolo nako phiri lija linali nkhalango yowirira, lero ndi minda.

MnyamataWaKuNkando
Moto wambiri ndi wa osaka mbewa. Ogasiti akangolowa tchire lonse lupsa.

KabazaWaPaBoma
Mbewa musazinene, kapuku wowamba ndi nsima ya mgaiwa palibe ndiwo yoposa.

Namasalima
Achimwene mbewa amakumba ndi khasu kapena kutchera misampha, sizifuna kuotcha dambo lonse. Chaka chatha moto wa ana osaka mbewa unatipsereza udzu wofolerera nyumba womwe tinamweta mwezi wathunthu, ndi nthochi za m'mphepete mwa munda zomwe.

GogoWaKuThuchila
Kale mfumu inkalengeza nthawi yootcha tchire, wootcha nthawi isanakwane ankalipa nkhuku kapena mbuzi. Mafumu abwezeretse zimenezo.

MakeTadala
Abale nkhani yapita ku mbewa koma ine dzala lija likadali pompo. Panopa ndikulemba pano ayatsa kale, ndatseka mazenera ndaika chitenje chonyowa pansi pa chitseko.

NdiliMkatimo
Mayi ake Tadala pepani. Ine ndimagwira ntchito ku khonsolo ina m'chigawo chino, dzina sinditchula ndipo sindikuyankhulira ofesi, ndikuyankhula ngati kholo. Zimene akunena a WaTomatoPamsika ndi zoona, koma dziwaninso mbali inayi. Ndalama za matikiti zimalowa m'thumba limodzi ndi ndalama zina za khonsolo, mmenemo ndi momwe mumachoka malipiro a osesa, a alonda, mabilu a madzi ndi magetsi. Chotsala chogulira dizilo chimakhala chochepa, ndipo thirakitala ikakhala imodzi misika yambiri, ikangoonongeka zonse zaima. Malo otayira zinyalala ovomerezeka nawonso ndi vuto, kuno malo ndi ochepa, mudzi uliwonse ukauzidwa kuti mtaya ukhale kwanu umakana, ndipo sindiwadzudzula. Kulengeza kumachitika chifukwa ndi chinthu chotheka ndi ndalama yochepa, ndivomereze. Koma musachipeputse, anthu ambiri sadziwa nkomwe kuti kuotcha pulasitiki kumadwalitsa, amaona ngati ndi ukhondo.

Chochita chilipo. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo udindo wa zinyalala ndi misika komanso mphamvu zopanga malamulo awoawo. Ndiye musadandaule pakamwa pokha. Lembani kalata, asayine anthu a m'nyumba zoyandikana ndi msika, ina ipite kwa mkulu wa msika, ina kwa khansala wa dera lanu, ina kwa a zaumoyo ndi zachilengedwe. Muikemo masiku amene ayatsa ndi zithunzi, ndi fotokope ya buku la kuchipatala la mwana ngati mungalole. Kalata yolembedwa imakakamiza kuti nkhani ilowe mu msonkhano wa komiti, zapakamwa zimathera pakhomo.

BamboWaPaLuchenza
Kalata tinalembapo ife za ngalande, inatenga miyezi. Osawapatsa chiyembekezo chabodza mayiwa.

NdiliMkatimo
Inatenga miyezi koma inayankhidwa kapena ayi?

BamboWaPaLuchenza
Anabwera kudzakumba mvula itayamba kale. Koma inde anabwera.

MlimiWaKuMasambanjati
Ine ndikuwerenga ndikumva chisoni ndi chuma chimene mukuotchacho. Makoko a nthochi, masamba a kabichi, tomato woola, zonsezo ndi manyowa. Feteleza pano thumba limodzi ena sitikulikwanitsa, ine ndimapanga kompositi, ndimakumba dzenje nkuyala zouma pansi, zaziwisi pamwamba, ndowe pang'ono, phulusa, kuwaza madzi, kutembenuza pakapita sabata zingapo, miyezi iwiri kapena itatu zapsa zakuda bwino. Chimene chimatilepheretsa kutenga za kumsika ndi chakuti zasakanikirana ndi majumbo, mabotolo osweka ndi matewera. Mukanaika madengu awiri pa mzere uliwonse wa mabenchi, lina zowola lina zosawola, alimi tikanabwera tokha ndi njinga ndi mawilibala kudzatenga ulere. Mulu ukanatsala wochepa moti thirakitala kubwera kamodzi pa sabata nkokwana.

WaTomatoPamsika
Abambo zimenezo ku mzere wathu wa zamasamba nzotheka mawa lomwe, zathu pafupifupi zonse ndi zowola. A nkhumba amabwera kale kudzatola masamba. Ovuta ndi a ma shopu ndi a chipisi, komanso anthu a m'makomo amene amabwera usiku kudzataya matewera pa dzala la msika ngati ndi lawo.

MakeTadala
Apo ndisaname nanenso ndatayapo, landilodi sanatikumbire dzenje ndipo malo okumba palibe, nyumba zathinana.

Namasalima
Ndiye mwaona, tonse tili momo.

MnyamataWaKuNkando
Nanga lija tsiku losesa lomwe a Chakwera anakhazikitsa mu November 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, linathera kuti? Miyezi yoyamba tinkasesa ndithu.

AphunzitsiOpuma
Tinkasesa, koma tikaunjika mapeto ake tinkayatsa moto poti chonyamulira panalibe. Ndinaona ndi maso anga ana asukulu atasesa bwinobwino kenako aima mozungulira mulu ukufuka majumbo, akutsokomola. Kusesa ndi kunyamula ziyendere limodzi.

WaNjerwa
Palibe watchula mauvuni ndiye ndidzitchule ndekha. Ino ndi nyengo yathu youmba, kuyambira pano mpaka October mauvuni afuka paliponse, uvuni umodzi umadya mitengo yambiri ndipo umafuka masiku awiri atatu usana ndi usiku. Kuyambira 2018 boma linati zomanga zake ndi zikuluzikulu zisamagwiritse njerwa zootcha, nchifukwa chake masukulu atsopano mukuona ndi mabuloko a simenti. Koma munthu wamba womanga ka nyumba ka zipinda ziwiri simenti aitenga kuti? Chomwe ine ndinasintha ndi chakuti sindiotchanso pafupi ndi nyumba za anthu, ndimakaumbira kudambo, chifukwa chaka china gogo wina woyandikana nane anagona kwa achibale masiku atatu kuthawa utsi wanga ndipo zinandikhudza.

KabazaWaPaBoma
Nanga mafakitale a tiyi? Nawonso amatentha bulugamu m'maboila.

BamboWaPaLuchenza
Amatentha inde koma mitengo yake amadzala okha ndipo chumuni chake ndi chachitali utsi umapita mmwamba. Sindikuti palibe vuto, koma sizingafanane ndi utsi wa pulasitiki wolowa pazenera la mwana.

MlangiziWaZaumoyo
Mayi ake Tadala, pamene kalata ikuyenda chitani izi. Mwana azigona chipinda chomwe chili kutali ndi mbali ya msika, mankhwala opopera akhale pafupi ndi pogona osati m'chikwama, ndipo mukaona akupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati kapena akulephera kuyankhula, musadikire kuche. Ngati kuli achibale chapafupi, masiku amene utsi wachuluka akagone kumeneko. Ine nkhaniyi ndikaitula kwa anzanga a zaumoyo a dera la msika, ndipo ndipempha kuti pa sikelo tiziphunzitsanso za utsi wa kukhitchini. Wina amene amadziwana ndi a wailesi ya Mzati awapemphe pulogalamu yoimba foni, anthu afunse okha mafunso kwa a khonsolo, chifukwa galimoto yolengeza imangodutsa sungaifunse kanthu.

WaTomatoPamsika
Komiti yathu ya msika ikumana Loweruka mmawa tisanayale katundu. Mayi ake Tadala bwerani ndi mwanayo amuone, anthu akamva mphumu pa foni samva ngati kumuona. Ine ndikanena za madengu awiri. Abambo a ku Masambanjati kwanu nkutali, koma ngati mukudziwa alimi a kufupi kuno amene angafune zowola atiuze tsiku lobwera.

MlimiWaKuMasambanjati
Mlamu wanga ali ndi dimba chakufupi ndi kwanuko, ndimuimbira usiku uno. Ali ndi wilibala koma adzafuna wina womuthandiza kukweza.

MnyamataWaKuNkando
Loweruka sindili pantchito, ndibwera ndi fosholo.

NdiliMkatimo
Kalata ija muilembebe ngakhale madengu atayamba, zosawola zija zikufunikabe thirakitala. Mukalemba nditumizireni ku inbox ndikuonereni ngati mwaika zonse.

MakeTadala
Zikomo nonse, ndayamba kale kulemba pa pepala la m'kope la mkulu wake wa Tadala. Nyumba za mzere wathu zilipo 7, mawa ndiyenda khomo ndi khomo kuti asayine, awiri ndawapeza kale pa mjigo avomera. A WaTomatoPamsika Loweruka nthawi yanji, ndipo mumakumana mbali iti ya msika?

WaTomatoPamsika
6 koloko, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mabenchi a usipa. Mukafika funsani mzere wa tomato, ndivala chitenje chobiriwira.